Masheleni Atatu a Mfumukazi: Mbiri ya Makobidi Akale Kuchokera ku Phalombe

Nyumba zambiri za m'dziko muno zili ndi kachitini kamene sikatsegulidwa kawirikawiri. Kamakhala pansi pa sutikesi ya malemu agogo, limodzi ndi ziphaso zakale za msonkho, mabatani a yunifolomu ndi makiyi a maloko amene anatayika kalekale. Mukakagwedeza kamalira. M'kati mwake mumakhala makobidi akuda bii, ena oboola pakati, ena okhala ndi nkhope ya mfumu ya ndevu kapena ya mayi wovala chisoti chachifumu. Sitingagule nawo ngakhale kamulu ka usipa, komabe palibe amene amalimba mtima kuwataya.

Zaka zaposachedwapa kachitini kameneka kayamba kusowetsa anthu tulo. M'misika ndi m'magulu a pa WhatsApp mumayenda mphekesera yakuti kwinakwake kuli anthu ogula ndalama za atsamunda pa mtengo woti munthu n'kumangira nyumba ya malata. Ena amati zofunika ndi zoboola pakati, ena amati ndi zokhazo zokoka maginito, ndipo ena amanong'ona zakuti m'kati mwa ndalamazo muli mankhwala amene azungu akuwasakasaka. M'zokambakambazi muli kachoonadi kochepa: alipodi anthu okonda kusonkhanitsa ndalama zakale, ndipo zina amazigula modula. Zotsalazo n'zokometsera chabe, ndipo zikhoza kulusitsa munthu. Kuti tipete mankhusu n'kutsala ndi mpunga, tiyambe tafunsa kuti ndalamazi zinafika bwanji m'manja mwa makolo athu.

Funso limeneli tikuliyankhira ku Phalombe. Ife a kunyanja, ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, bomali timalidziwira nandolo, mpendadzuwa ndi matemba a ku Chilwa, mwinanso nkhani zachisoni za madzi osefukira. Monga boma loima palokha Phalombe ndi mwana wa dzulodzuloli, pakuti analipatula ku Mulanje mu 1998. Koma mpata umene uli pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi ndi njira yakale kwambiri, imodzi mwa njira zimene dziko lino linkatulukira kupita ku gombe la nyanja ya mchere. Chilichonse chimene chinkatchedwa chuma m'nthawi yake chinadutsapo pamenepo.

Makolo athu anadziwa malonda asanaone kobidi. Mtengo wa chinthu ankauyeza m'mikono ya nsalu, m'zingwe za mikanda, m'makasu, mu mchere ndi mu waya wa mkuwa. Amalonda a Chiyao ankanyamula minyanga kupita ku Kilwa ndi ku Quelimane, n'kubwerako ndi nsalu ya merikani, mfuti ndi onga. A Jumbe, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ankachita malonda omwewo powolotsa katundu pa nyanja. Sitingabise kuti m'njira zimenezi munkadutsanso anthu omangidwa magoli, ndipo mpata wa ku Michesi unali umodzi mwa makomo awo otulukira. Mtengo wa munthu nawonso unkawerengedwa m'mikono ya nsalu.

Ku gombe ndalama zosula zinaliko kale. Masultani a ku Kilwa ankasula makobidi a mkuwa olembedwa m'Chiarabu zaka mazana angapo Mngerezi asanaponde kuno, ndipo kobidi limodzi la Sultani al-Hasan bin Sulaiman, wa m'zaka za m'ma 1300, linapezeka kutali ku mabwinja a Great Zimbabwe. Kumtunda kuno makobidiwo sanazike mizu; chimene chinafika n'kukhazikika ndi dzina. Akatswiri a zilankhulo amati liwu lathu loti ndalama linachokera ku liwu la Chiarabu loti dirham, limene pochulukitsa limamveka kuti darahim. Anansi athu a ku Mozambique anachita chimodzimodzi mu 1980 pamene anatcha ndalama yawo metical, dzina lochokera ku mithqal, muyezo wakale wa golide. Choncho pamene sheleni yoyamba inkafika kuno, inapeza tili kale ndi dzina loitchulira.

Mu 1891 dziko la Britain linalengeza kuti dera lino lili pansi pa chitetezo chake, ndipo Harry Johnston ndiye anaikidwa kukhala wolamulira. Mu 1893 boma lake linamanga linga pa mpata uja, n'kulitcha Fort Lister. Cholinga chimene ankachitchula chinali kutseka njira ya akapolo, ndipo linga linaitsekadi. Koma linalinso diso loyang'anira mafumu a Chiyao a m'mbali mwa phiri la Mulanje monga Matipwiri, amene anagonjetsedwa mu 1895. Ambiri mwa asilikali amene Johnston ankawadalira anali Asikh ochokera ku India. Lingali linagwira ntchito zaka pafupifupi khumi zokha, koma zotsalira zake zikadalipo, pamodzi ndi manda a Gilbert Stevenson, mmodzi mwa akuluakulu a boma m'deralo, amene anali msuweni wa mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson. Akuluakulu a maboma masiku amenewo ankatchedwa ndi dzina la Chingerezi lotanthauza wosonkhetsa, chifukwa ntchito yawo yaikulu inali msonkho. Chodabwitsa n'chakuti m'Chingerezi liwu lomwelo ndi limene lero amatchulira munthu wosonkhanitsa ndalama zakale mwa chisangalalo. Wosonkhetsa woyambayo sankasewera.

Amene ali ndi sheleni ya Mfumukazi Victoria ayang'anitsitse zilembo zozungulira mutu wake. Ngati mfumukaziyo ikuoneka yokalamba, itafunda nsalu kumutu, m'mphepetemo apezamo mawu achidule akuti IND IMP, kutanthauza wolamulira wamkulu wa India. Mawu amenewa anayamba kulembedwa pa ndalama za ku Britain mu 1893, chaka chomwecho chimene asilikali a ku India ankaimika linga ku Michesi, ndipo anachotsedwa kuyambira pa ndalama za 1949, India atalandira ufulu wake mu 1947. Asilikaliwo ndi amalonda achimwenye anabwera ndi ndalama ya kwawo, rupiya, ndipo m'zaka zoyambirira inkayenda kuno. Boma linakonda ndalama za ku England ndipo rupiya inazimirira, koma liwu lake linatsalira m'kamwa mwa akuluakulu kwa nthawi yaitali.

Tisaganize kuti anthu anailandira sheleni chifukwa chokopeka ndi kunyezimira kwake. Munthu wokhala ndi nkhokwe ya mapira, mbuzi m'khola ndi bwato pa Chilwa analibe chifukwa chofunira kachitsulo kosadyeka. Chimene chinapatsa sheleni mphamvu ndi msonkho. Johnston anayamba ndi msonkho wa masheleni 6, anthu ndi amishoni omwe anadandaula, ndipo pofika 1894 unakhala masheleni 3 pa nyumba iliyonse pa chaka. Poyamba ena ankaloledwa kupereka zokolola, koma boma linkafuna ndalama, ndipo ndalama inkapezeka kwa mzungu. Masheleni atatu anali pafupifupi malipiro a mwezi wathunthu m'minda ya azungu. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 lamulo linafika poulula cholinga chake poyera: msonkho unakwezedwa kufika masheleni 6, koma munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka lokha. Sheleni inkatuluka m'thumba la mwini munda, n'kugona usiku wochepa m'nyumba ya mlimi, n'kukathera pa tebulo la wosonkhetsa. Wolephera kulipira ankatha kuotcheredwa nyumba, ndipo kunali nthawi zimene akazi ankagwidwa kuti amuna awo atulukire ndi msonkho.

M'zaka zomwezo Alomwe ankawoloka malire mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ambiri anakhazikika m'chigwa cha Phalombe ndi m'minda ya azungu ya khofi, thonje, fodya ndi tiyi ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Chiradzulu. M'mindamo anakumana ndi thangata, lendi ya malo yolipiridwa ndi thukuta. Mkwiyo wa zinthu zimenezi ndi umodzi mwa mizu ya kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Tikamaona sheleni yosalala, imene nkhope ya mfumu inafufutika mpaka kutsala chithunzithunzi, tidziwe kuti chinaisalaza ndi manja a anthu amenewa.

Pang'onopang'ono ndalama inalowa m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Masitolo a Mandala, kampani ya African Lakes imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ndi masitolo a amwenye m'matauni ang'onoang'ono ankagulitsa nsalu, mchere, sopo ndi makasu pa mtengo wa makobidi. Anthu anaphunzira masamu ovuta popanda sukulu: makobidi 12 ndi sheleni imodzi, masheleni 20 ndi paundi imodzi, kotero kuti paundi inali makobidi 240. Liwu loti kobidi linachokera ku liwu lotanthauza mkuwa. Kandalama kakang'ono ka makobidi atatu kankatchedwa tiki, dzina limene linabwera kuchokera ku South Africa. Banki inali ku Blantyre, kutali ndi munthu wa ku Migowi kapena ku Chiringa, ndipo ndalama ya pepala inkaopedwa chifukwa cha chiswe, moto ndi mvula. Choncho anthu ankakwirira siliva mu mphika pansi pa nyumba kapena kumanga pa mfundo ya nsalu m'chiuno. Mwini mphika akamwalira mwadzidzidzi asanaulule malo, chumacho chinkatsala m'nthaka. Ndiye chifukwa chake nkhani za munthu wofukula mphika wa ndalama polima sizisowa m'midzi mwathu.

Kachitini kaja kakatsegulidwa, kawirikawiri sikakhala ndi ndalama za dziko limodzi. Kamakhala ngati kalata yofotokoza maulendo a amuna a pa banjapo. Tiki yolembedwa Suid-Afrika ikunena za agogo amene anapita ku Joni, mwina kudzera ku Wenela. Senti yoboola ya East Africa ikhoza kukhala ya msilikali wa King's African Rifles amene ananyamuka ku Zomba m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kudzera ku Kenya. Masentavo a Chipwitikizi sasowa ku Phalombe, kumene munthu amatha kugona ku Malawi n'kukalima ku Mozambique. Mabanja ochepa amwayi ali ndi paundi ya golide, imene Angerezi amaitcha sovereign, yolemera magalamu 7.98, ina ya mtundu umenewu inkasulidwa ku Pretoria pakati pa 1923 ndi 1932, ndipo ili ndi tizilembo SA. Imeneyo ndiye isatuluke m'nyumba mwachisawawa.

Makobidi oboola amene ambiri timawakumbukira si a ku Britain kwenikweni. Dziko la Southern Rhodesia linayamba kukhala ndi ndalama zakezake mu 1932, ndipo zinafalikira mpaka kuno ku Nyasaland. Kobidi lake linali loboola pakati, sheleni yake inali ndi mbalame ya mwala ya ku Great Zimbabwe, ndipo tiki inali ndi mitu itatu ya mikondo. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda akuchikana, chinatulutsa ndalama zake kuyambira 1955. Pa kobidi panali njovu ziwiri zitaima mbali ndi mbali ya chiboo, pa theka la kobidi panali akadyansonga awiri, ndipo pa ndalama ya masheleni awiri panali nkhwazi itagwira nsomba, chithunzi chimene ife a kunyanja timachiona m'mawa uliwonse popanda kulipira. Chiboo chinkathandiza munthu wopanda matumba kutunga makobidi ake pa chingwe. Atatha ntchito ngati ndalama, ena anawakhomera pa malata m'malo mwa mawashala, ena anawamangirira ana m'khosi. Ndi ndalama zokongola, ndipo tiyenera kuvomereza kukongolako ngakhale boma limene linazisula makolo athu analimenya nkhondo mpaka linagwa kumapeto kwa 1963.

Malawi atalandira ufulu mu 1964 anasintha nkhope koma anasunga masamu. Dr Hastings Kamuzu Banda analowa pamalo pa mfumukazi. Sikisipensi inakhala ndi tambala, sheleni inakhala ndi chimanga, ndalama ya masheleni awiri inakhala ndi njovu. Mu 1966 panatuluka ndalama yaikulu ya masheleni asanu yokumbukira tsiku limene dziko linakhala lipabuliki, ndipo kobidi la Malawi linatuluka mu 1967. Kenaka mu Febuluwale 1971, mwezi womwewo umene Britain nayenso anasiya masheleni ake, kunabwera kwacha ndi tambala. Paundi imodzi inasanduka K2, sheleni inasanduka matambala 10. Akuluakulu sanasinthe msanga; kwa zaka zambiri m'misika munkamvekabe mitengo ya masheleni ndi mapaundi, ngakhale m'manja munali makwacha. Lero tambala lenilenilo lapita, ndipo mwana wobadwa m'zaka khumi zapitazi sakulidziwa. Zimene tinkagulira mandasi pa sukulu zayamba kale kulowa m'kachitini.

Tsopano tibwere kwa ogula. Kusonkhanitsa ndalama zakale ndi chisangalalo chakale ku Ulaya, ndipo chili ndi misika yake, mabuku ake ndi malamulo ake. Ku London kuli kampani ya Spink, imene mbiri yake imayambira mu 1666, ndipo inkasindikiza buku la mitengo ya ndalama za ku England. Pa intaneti pali malo ngati Numista, kumene munthu angaone chithunzi cha ndalama iliyonse, kulemera kwake, chitsulo chake ndi kuchuluka kwa zimene zinasulidwa chaka chimenecho, popanda kulipira kalikonse. Mwana wa sukulu wokhala ndi foni akhoza kuthandiza agogo ake kudziwa zimenezi madzulo amodzi. Kuno kwathu malondawa amayenda mwakachetechete: wogulitsa ziboliboli kwa alendo amayala makobidi pambali, wina amaika chithunzi pa Facebook, wina amayenda khomo ndi khomo kufunsa. Pamene palibe msika woonekera, wodziwa mtengo amakhala mmodzi, ndipo kawirikawiri si wogulitsayo.

Osonkhanitsa samalipira ukalamba wa ndalama. Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Amalipira kusowa kwake ndi maonekedwe ake. Makobidi a ku Britain ankasulidwa mamiliyoni ambirimbiri chaka ndi chaka. A chaka cha 1967 okha anaposa 600 miliyoni. Kobidi la George V lotha ndi manja, ngakhale lili ndi zaka zoposa zana, ku England amaligulitsa m'mabokosi poyeza pa sikelo. Kobidi limene aliyense amalilota ndi la 1933. Chaka chimenecho mabanki anali ndi makobidi okwanira, kotero anasula ochepa chabe, ena oti akaikidwe pansi pa maziko a nyumba zofunika, ndipo odziwika lero sakwana khumi. Mwayi woti limodzi lipezeke ku Nkhulambe kapena ku Makanjira ndi wochepa zedi, pamene achinyengo osema chaka china kuti chioneke ngati 1933 ndi ambiri. Pali zosowa zina zofikirika. Makobidi a 1918 ndi 1919 okhala ndi kachilembo H kapena KN pafupi ndi chaka, kusonyeza kuti anasulidwa ku Birmingham, amafunidwa. La 1951 anasula 120,000 okha. Ndalama za masheleni awiri za Southern Rhodesia za 1946 ndi 1954 ndi zosowa, ndipo zimenezi ndiye zikhoza kupezekadi kuno. Palinso masenti a East Africa a 1936 olembedwa dzina la Edward VIII, mfumu imene inatula pansi ufumu chaka chisanathe. Si odula kwenikweni, koma osonkhanitsa amawakonda chifukwa ku Britain komweko ndalama za mfumu imeneyi sizinatulutsidwe kwa anthu.

Pa maonekedwe, ogula amayang'ana ngati tsitsi la mfumu likuonekabe, ngati zilembo zili zakuthwa, ngati m'mphepete simunaphwanyike. Ndalama ziwiri za chaka chimodzi zimatha kusiyana mtengo kutalitali chifukwa cha zimenezi zokha. Ndipo pano tichenjezane mwamphamvu, makamaka ndi amayi athu okonda ukhondo: ndalama yakale sikwechedwa. Phulusa, mchenga, mandimu ndi polishi zimachotsa khungu lakuda limene zaka zinaika pamwamba pake, n'kusiya mikwingwirima imene katswiri amaiona msanga. Chimene ife timachiyesa litsiro, iwo amachiyesa umboni. Munthu amapukuta usiku wonse kuti akondweretse wogula, osadziwa kuti akudzichotsera yekha mtengo.

Kwa mabanja ambiri, mtengo weniweni wa kachitini uli mu siliva. Lamulo lake ndi losavuta kuloweza. Ndalama zoyera za ku Britain, kuyambira tiki mpaka ya masheleni asanu, zosulidwa mpaka 1919 zili ndi siliva magawo 925 pa 1,000. Kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva ndi theka lokha. Kuyambira 1947 mulibe siliva ngakhale pang'ono. Ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo, pakuti Britain anatuluka m'nkhondo ali ndi ngongole. Za Southern Rhodesia zinatsata njira yofanana, ndipo nazonso zinasiya siliva mu 1947, kupatula ndalama yaikulu yachikumbutso ya 1953. Za Chitaganya zimene zinkayenda m'misika zilibe siliva. Sheleni yatsopano inkalemera magalamu 5.65, ya masheleni awiri 11.31, ya masheleni awiri ndi theka 14.14. Ndi kasikelo kakang'ono ndi mtengo wa siliva wa tsikulo, munthu akhoza kudziwerengera yekha malire amene sayenera kutsikapo pogulitsa.

Za maginito zija yankho lake ndi lalifupi. Siliva, mkuwa ndi kasakaniza wa mkuwa ndi nikelo wa ndalama zimenezi sizikokedwa ndi maginito. Sheleni ya Victoria ikamamatira pa maginito, ndiye kuti ndi yabodza. Za mankhwala obisika m'kati mwa kobidi ndi nthano. Ku Tanzania nthano yofanana yakhala ikuzungulira rupiya yakale ya Ajeremani, ndipo amene amalemera nayo ndi oinena. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula weniweni sayamba wapempha ndalama yoyezera, yolembetsera kapena ya ulendo wa bwana wake. Akayamba ndi kupempha, ndiye kuti malonda ake ndi inuyo.

Pali mfundo zitatu zimene nkhaniyi ikukhudza malamulo a chipembedzo chathu, ndipo zonse zimateteza wogulitsa. Mashehe amatiphunzitsa kuti golide ndi siliva zimagulitsidwa dzanja ndi dzanja, osati pa ngongole, ndipo ophunzira ambiri a masiku ano amati zili choncho ngakhale malipiro ali makwacha. Wogula wonena kuti atenge kaye masheleni akawaonetse ku Blantyre, ndalama adzatumiza pa foni, akutipempha chinthu chimene sitiyenera kuvomera ngakhale atakhala wokhulupirika. Yachiwiri ndi ya chuma cha masiye. Kachitini ka malemu si ka amene wayamba kukapeza. Ndi gawo la chuma chogawidwa kwa onse oyenera, ndipo mdzukulu wogulitsa mobisa wadya za alongo ake. Yachitatu ndi zakaat. Nisaab ya siliva ndi madirham 200, amene ambiri amawawerengera magalamu 595. Sheleni yosulidwa 1920 isanafike ili ndi siliva magalamu pafupifupi 5.2, choncho pamafunika masheleni pafupifupi 114 kuti afike pa muyezowo, ndipo a siliva wa theka pamafunika pafupifupi 210. Mabanja ochepa ndi amene ali ndi ochuluka chotero, koma siliva ameneyu amaphatikizidwa ndi chuma china chimene munthu ali nacho, ndiye ndi bwino kufunsa shehe. Tingoonjezera kuti sikisipensi, ndi magalamu ake 2.83, inkalemera pafupifupi ngati dirham ya m'mabuku athu.

Kukumba ndi nkhani ina. Fort Lister ndi malo otetezedwa, ndipo ali pa mndandanda wa njira za akapolo umene Malawi anapereka ku UNESCO kuti uganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse. Lamulo la Monuments and Relics Act silimalola kukumba pa malo otero kapena kutulutsa zinthu zakale kunja kwa dziko popanda chilolezo cha boma. Lamuloli lili ndi nzeru yake. Kobidi lopezeka pansi pa maziko a nyumba limauza wofufuza kuti nyumbayo siinamangidwe chaka cholembedwa pa kobidilo chisanafike. Likachotsedwa n'kuikidwa m'thumba, limangokhala kobidi ngati ena mamiliyoni, ndipo tsamba la mbiri ya Phalombe lang'ambika. Wopeza chinthu pa malo otero adziwitse a Dipatimenti ya Museums and Monuments. Wofuna kuwerenga zambiri angapite ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, nyumba imene inamangidwa mu 1882 ndi kampani yomwe ija inkagulitsa nsalu kwa makolo athu.

Anthu a ku Phalombe akudziwa bwino kuposa ife mmene zinthu za pa banja zimatayikira. Napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika kuchokera ku Michesi, ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola anthu, nyumba ndi katundu. Zithunzi, makalata ochokera ku Joni ndi ziphaso za msonkho sizipirira matope. Chitsulo chimapirira, koma chimatuluka chopanda nkhani, chifukwa amene ankadziwa kuti tiki iyi anabwera nayo ndani sakhalaponso. Maganizo athu ndi akuti mabanja ambiri sangapindule kwambiri pogulitsa, kupatula okhala ndi golide kapena siliva wochuluka, ndipo amene umphawi wawakakamiza kugulitsa palibe angawadzudzule, bola agulitse akudziwa chaka, chitsulo ndi kulemera. Kwa otsalafe, ntchito yofulumira ndi kukhala pansi ndi agogo akadali moyo, kukhuthula kachitini pa mphasa, ndi kulemba m'kope zimene anene pa ndalama iliyonse: anailandira ndani, ku munda wa ndani kapena ku mgodi uti, inali yogulira chiyani, n'chifukwa chiyani siinagwiritsidwe ntchito. Ndalama iliyonse ikulungidwe payokha m'kapepala kouma kuti zisakhulane.

Ngati pa mphasapo papezeka masheleni atatu a Mfumukazi Victoria, muwaike pa chikhatho cha mwana wamng'ono. Onse pamodzi salemera kuposa magalamu 17, ndipo mwanayo akhoza kuwafumbata osaoneka. Umenewo ndiwo unali msonkho wa nyumba imodzi m'chaka cha 1894, ndipo kuti aupeze, bambo wa pa nyumbapo ankasiya munda wake mwezi wathunthu, nthawi zambiri m'nyengo ya dzinja pamene udzu unali kukula m'chimanga chake.